Mabaibulo Atatu m'Cigwa ca Mua

Munthu akatsika mapiri a Dedza pa mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere, afika ku Golomoti, dziko lotentha la malambe. Akatembenukira kumpoto motsata njanji, apitirira pa Mua nafika ku Mtakataka, kwa Inkosi Kachindamoto. M'cigwa cimeneci mukhala Acewa, Angoni ndi Ayao, ndipo Akristu a m'mudzi umodzi akhoza kupemphera m'mipingo inai kapena isanu.

Kusiyana kwa mipingoku kuonekera poyera pa maliro. Kapena womwalirayo anali Mkatolika, mlongo wace ndi wa C.C.A.P., ndipo mphwace analowa mpingo wina wa atumwi. Onsewa alira munthu mmodzi, ndipo adzukulu akumba manda amodzi. Koma ikakwana nthawi ya mapemphero, anthu ayamba kunong'onezana. Atsogolere ndani? Kodi nkoyenera kupempherera wakufa, kapena kungotonthoza otsala? Nanga awerenge buku liti? Pakuti m'matumba mwao mutuluka mabuku osiyana maina: Buku Lopatulika, Malembo Oyera ndi Buku Loyera.

Munthu amene wangophunzira kuwerenga adabwa nazo izi. Anamva kuti Baibulo ndi limodzi, koma aona atatu. Nkhani ino ipenda mabuku atatuwa: amene anawamasulira, ubwino wa liri lonse, ndi pamene liri lonse liperewera. Makamaka ipenda m'mene amasulira mau onena za atsogoleri a mpingo, pakuti pamenepo ndipo pagona mkangano. Funso lakuti wolamula mu mpingo ndani linayambira kutali, koma linafika ku Golomoti litabisala m'mau a mabuku.

Mipingo iwiri ikumana m'cigwa

Amishoni a Dachi, ocokera ku South Africa, anamanga pa Mvera m'caka ca 1889, motsogoleredwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Pambuyo pace anatsegula Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902, Mphunzi mu 1903, ndi Malembo, kufupi ndi nyanja, mu 1904. Ansembe a Katolika ochedwa White Fathers anayamba afika kwa Mponda mu 1889, koma anacokako mu 1891. Anabweranso mu 1902, ndipo m'mwezi wa September caka comweco anakhazikika pa Mua, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mishoni ya Mtakataka inatsegulidwa mu 1908, ndi ya Bembeke, pamwamba pa mapiri, mu 1910.

Mishoni za Ciprotestanti zinali zitagawana dziko mwa pangano, kuti wina asalime m'munda wa mnzace. Akatolika sanalowe m'panganolo, popeza anakhulupirira kuti Eklezia ndi mmodzi yekha ndipo alibe malire. Cotsatira cace cinali mpikisano wa sukulu. Mphunzitsi wa Dachi akapempha malo kwa nyakwawa, mphunzitsi wa Aroma anafulumira kukapempha pa mudzi woyandikana nao. Mpikisanowu unali ndi phindu lace, pakuti ana ambiri anadziwa kuwerenga. Koma unasiyanso cipsera. Ana a mimba imodzi anaphunzira kuchula zinthu za Mulungu mosiyana: wina Yesu, wina Yezu, wina Eklesia, wina Eklezia, wina cisomo, wina caulere. Cilembo cimodzi cinakwanira kudziwitsa anthu kumene munthu apemphera, monga mphini zinkadziwitsira mtundu wa munthu kale.

Mwini ulamuliro ndani?

Pansi pa mau osiyanawa panali nkhani yaikulu. Akatolika aphunzitsa kuti Kristu anapereka ulamuliro kwa atumwi, atumwi anausiyira maepiskopi mwa kuwasanjika manja, ndipo maepiskopi asiyirana cotero kufikira lero. Mkulu wao ndi Papa, episkopi wa ku Roma, amene amuyesa wolowa m'malo mwa Petro. Munthu wa ku Mtakataka samva cacilendo pamenepa, pakuti adziwa kuti ufumu sutoledwa pa njira. Uli ndi mzere wace, ndipo alipo oyenera kulonga mfumu.

Mipingo ya Dachi ndi ya ku Scotland inacokera m'kugawikana kumene kunayamba ku Ulaya mu 1517, pamene Martin Luther anatsutsa zina za mu Eklezia wa Roma, ndipo inatsata makamaka ciphunzitso ca John Calvin wa ku Geneva. Iwo alibe episkopi. Akristu asankha akulu a mpingo, ndipo akuluwo pamodzi ndi abusa akhala m'mabwalo atatu: la pa mpingo, la presbiterio ndi la sinodi. Anena kuti wolowa m'malo mwa atumwi ndiye amene asunga ciphunzitso ca atumwi, colembedwa m'Buku. Icinso si cacilendo, pakuti mlandu wa pa mudzi uweruzidwa pa bwalo, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Njira ziwirizi zinaoneka bwino pamene ana a dziko lino anayamba kulandira udindo. Ku Nkhoma anadzoza Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza kukhala abusa mu 1925, ndipo mu 1926 Nkhoma inalowa mu C.C.A.P., imene Livingstonia ndi Blantyre anayamba mu 1924. Ku Katolika, Cornelius Chitsulo, mwana wa dera la Mua, analandira unsembe mu 1937, woyamba mwa anthu a dziko lino. Mu 1956 Papa Pius XII anamsankha kuyang'anira Dedza, ndipo mu 1957 maepiskopi anamsanjika manja. Abusa aja anawabvomereza ndi bwalo. Episkopi uyu anamsankha ndi Roma. Tsono womasulira Baibulo, akafika pa mau onena za akulu ndi oyang'anira, sangathe kuiwala nyumba imene anakuliramo.

Buku Lopatulika, 1922

Mu 1900 amishoni a Ciprotestanti anapangana kumasulira Baibulo limodzi la Cinyanja, loti limveke ku Blantyre, ku Mvera ndi kupitirira. Nchito yaikulu inagwera William H. Murray wa mishoni ya Dachi, wothandizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi ena. Mbiri ikonda kuchula Azungu okha, koma Murray anakhala zaka zambiri pa thebulo limodzi ndi aphunzitsi a dziko lino, amene anali eni cinenero. Baibulo lathunthu linatuluka mu 1922.

Ulemu woyamba wa bukuli ndi wakuti linafunafuna mau a kuno pochula maudindo. Cipangano Catsopano cinalembedwa m'Cigriki, ndipo mau akuti apostolos atanthauza munthu wotumidwa. Buku Lopatulika liti mtumwi. Palibe mau ena amene akadaposa awa, pakuti adzimasulira okha. Ali yense adziwa mthenga wa Inkosi: anthu amlandira ndi ulemu cifukwa ca amene wamtuma, koma akaonjeza zace pa uthengawo wapalamula mlandu. Mau amodzi okhawa aphunzitsa kuti mtumwi ali ndi ulemu, ndiponso kuti ulemuwo ngwobwereka.

Mau ena atatu ndiwo episkopos, presbiteros ndi diakonos. Bukuli liti woyang'anira, mkulu ndi mtumiki. Kumasulira kumeneku nkoona, pakuti ndico cimene mauwo atanthauza m'Cigriki. Kuthandizanso wowerenga kuona cinthu cimene cikadabisika. Pa Macitidwe a Atumwi mutu 20, Paulo aitana akulu a ku Efeso, ndipo polankhula nao awachula oyang'anira. M'kalata ya kwa Tito mutu 1 muli zomwezo. Motero m'masiku oyambawo mkulu ndi woyang'anira anali munthu mmodzi.

Komabe Mkatolika ali ndi dandaulo lomveka. Mau akuti woyang'anira akumbutsa kapitao wa pa munda, ndipo sasonyeza kuti udindowu unakula msanga. Ignatius wa ku Antiokeya, amene analemba makalata ace kufupi ndi caka ca 110, aonetsa episkopi mmodzi ali pamwamba pa akulu ndi atumiki mu mpingo wa mzinda. Uepiskopi sunapekedwe dzulo. Buku Lopatulika lisonyeza mbeu, koma silisonyeza mtengo umene unamera pa mbeuyo.

Zolemera za bukuli ziri ziwiri. Coyamba, litsata Cihebri ndi Cigriki phazi ndi phazi. Nkhani za Abrahamu, Yosefe ndi Davide zimveka bwino, ndipo Masalmo ali ndi ulemu umene wakhazikika m'makutu a anthu zaka zana. Koma m'makalata a Paulo ziganizo zitalika, ndipo wowerenga watsopano afika kumapeto ataiwala ciyambi. Cinenero cacenso ncosakaniza ca kumwera ndi ca pakati, kotero kuti palibe mudzi umene ulankhula cimodzimodzi. Caciwiri, mabungwe osindikiza Baibulo a nthawi imeneyo anali ndi lamulo lakuti asaikemo mau ofotokoza, kuopa kukondera mpingo wina. Colinga cinali cabwino, koma wowerenga anasiyidwa yekha pa malo obvuta. Munthu wopatsidwa khasu popanda womsonyeza malire akhoza kulima m'munda wa eni.

Malembo Oyera, 1966

Akatolika anadikira zaka 44 kuti akhale ndi Baibulo lao lathunthu m'Cinyanja. Kucedwaku kunali ndi cifukwa cace. A Dachi analimbikitsa ali yense wa m'kalasi ya ubatizo kudziwerengera yekha Buku. Ansembe a pa Mua anatsogoza katekisimu, mapemphero ndi masakramenti, ndipo Misa inacitika m'Cilatini kufikira zaka za m'ma 1960. Kwa iwo Baibulo linali cuma ca Eklezia, coyenera kugawidwa ndi amene anaikidwa kucigawa. Bambo Louis Villy, wansembe wa White Fathers, ndiye anasenza nchito yomasulira, ndipo Malembo Oyera anatuluka mu 1966.

Bukuli liri ndi zabwino zimene Buku Lopatulika liribe. Lamulo la Eklezia wa Roma linafuna kuti Baibulo la m'cinenero ca anthu likhale ndi mau ofotokoza, ndipo wowerenga apezamo womgwira dzanja. Koma thandizo lomwelo ndilo limene Mprotestanti akayika nalo. Mau a m'munsi mwa tsamba analembedwa ndi munthu, ndipo wowerenga wosazolowera sasiyanitsa msanga mau a mlembi woyera ndi mau a wofotokoza. Wogwira mnzace dzanja ndiye asankha njira.

Bukuli linabadwiranso m'cinenero ca Akatolika a nthawi imeneyo, cimene cinali ndi mau ambiri obwereka: Eklezia, apostoli, episkopi, aprofeta, sakramenti. Ansembe anali ndi zifukwa ziwiri zokondera mau otere. Anaopa kuti mau a m'mudzi adzabwera ndi matanthauzo a cipembedzo ca makolo, ndiponso anafuna kuti Mkatolika wa pa Mua achule zinthu monga achulira mnzace wa ku Roma, kusonyeza kuti Eklezia ndi mmodzi pa dziko lonse. Zifukwazi nzolemera, koma mtengo wace ngwokwera. Mau akuti apostoli sanena kanthu kwa mlimi wa thonje mpaka wina amfotokozere, ndipo wofotokozayo ndiye atsala ndi mphamvu. Mtumwi adziulula yekha. Apostoli adikira womlankhulira. A Dachi naonso sanapulumuke kotheratu pa bvutoli, pakuti Eklesia ndi Yehova si mau a kuno.

Pali mau amodzi a Cinyanja amene Akatolika anasankha ndi amene afunika kuwapenda: wansembe. Cipangano Catsopano cichula ansembe ponena za a m'Kacisi wa Ayuda, za Kristu mwini, ndi za okhulupirira onse pamodzi. Atsogoleri a mpingo ciwachula akulu. Akatolika ayankha kuti Misa ndi nsembe, ndipo woipereka ayenera dzinalo. A C.C.A.P. akana, nati nsembe inatha pa mtanda, ndipo mtsogoleri wao amuchula mbusa. Maina awiriwa, wansembe ndi mbusa, asenza mkangano wonse wa zaka mazana asanu.

Kusiyana kwina kuoneka ndi maso: Malembo Oyera ndi buku lonenepa. Baibulo la Aprotestanti liri ndi mabuku 66, la Akatolika 73. Asanu ndi awiri oonjezawo, monga Tobiti, Yuditi ndi mabuku awiri a Amakabeo, anali m'Cipangano Cakale ca Cigriki cimene Akristu oyamba anawerenga, koma sali m'Baibulo la Cihebri. Aprotestanti anatsata la Cihebri. Msonkhano wa maepiskopi ku Trent unatsimikiza onse 73 mu 1546. Apa mkangano wa pa maliro uja uoneka gwero lace, pakuti nkhani yomveka bwino ya kupempherera akufa iri m'buku laciwiri la Amakabeo mutu 12. Mlongo wa C.C.A.P. sanama ponena kuti m'Buku mwace mulibe, ndipo mlamu wace Mkatolika sanama ponena kuti mulimo. Funso lenileni ndi lakuti ndani anali ndi mphamvu yowerenga mabuku ndi kutseka citseko.

Petro ndi thanthwe

Palibe malo amene mipingo yalimbana napo koposa Mateyu mutu 16. Pamenepo Petro abvomereza kuti Yesu ndiye Kristu, ndipo Yesu amyankha za thanthwe limene adzamangapo mpingo, namlonjeza mafungulo. M'Cigriki muli kusewera kwa mau, pakuti dzina lakuti Petros lifanana ndi petra, ndilo thanthwe. M'Cinyanja kufananaku kutayika. Petro ndi thanthwe sizimveka ngati abale, ndipo wowerenga sangadziwe kuti Yesu anali kumasulira dzina la wophunzira wace, monga agogo amasulira dzina la mdzukulu pa tsiku lomucha.

Kutayikaku kukomera Mprotestanti mwangozi, pakuti iye aphunzitsa kuti thanthwelo ndi cibvomerezo ca Petro, kapena Kristu mwini. Mau ofotokoza akomera Mkatolika, pakuti iye aonapo ciyambi ca upapa. Womasulira wacilungamo ayenera kuonetsa kufanana kwa dzina ndi thanthwe, popeza kulimo m'Cigriki, ndi kulekera pomwepo, popeza mauwo sanena za Roma kapena za olowa m'malo.

Wowerenga akapitiriza, apeza kuti Buku lipatsa mbali iri yonse zoitonthoza ndi zoibvuta. Petro achulidwa poyamba pa maina a atumwi, ndiye alalikira pa tsiku la Pentekoste, ndipo pa Yohane mutu 21 ndiye apatsidwa nkhosa kuti azidyetse. Mprotestanti asalumphe malo amenewa. Koma pa Mateyu mutu 18 mphamvu ya kumanga ndi kumasula ipatsidwa kwa ophunzira onse. Pa Macitidwe mutu 15, atumwi ndi akulu akhala pa bwalo ku Yerusalemu. Petro alankhula, koma womanga mfundo ndi Yakobo. Pa Agalatiya mutu 2, Paulo adzudzula Petro pamaso pa anthu ku Antiokeya. Mkatolika asalumphe malo amenewa. Ndipo onse awiri ayenera kuima pa 1 Akorinto mutu 1, pamene Paulo akalipira Akristu ogawikana m'magulu a Paulo, a Apolo ndi a Kefa. Magawano anayamba atumwi ali moyo, ndipo atumwiwo sanawayamikire.

Malo onsewa alimo m'Mabaibulo onse atatu. Palibe womasulira amene anacotsa bvesi lomsowetsa mtendere, ndipo ici ncoyenera kuyamikidwa.

Buku Loyera, 1998

Msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican, wa mu 1962 kufikira 1965, unalola Akatolika kumasulira Baibulo pamodzi ndi Akristu a mipingo yina. Mu 1968 Roma ndi mabungwe a Baibulo anapangana malamulo a nchitoyo. Cipatso cace kuno ndi Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 ku Bible Society of Malawi, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pa thebulo limodzi. Mmodzi mwa alangizi ao anali Ernst Wendland wa mpingo wa Lutheran ku Lusaka.

Dzina lenilenilo ndi pangano la mtendere. Mau akuti Buku acokera ku Buku Lopatulika, ndipo akuti Loyera acokera ku Malembo Oyera. M'kati mwace mbali iri yonse inatula kanthu pa mphasa. Akatolika anasiya Yezu, apostoli ndi aprofeta, nalandira Yesu, atumwi ndi aneneri. Pa dzina la Mulungu wa Israeli onse anasiya cao: Buku Lopatulika linkati Yehova, Malembo Oyera ankati Yahve, Buku Loyera liti Chauta.

Dzina limeneli linautsa mkangano. Ena anati Chauta ndi wa ku akacisi a mvula, kumene makolo ankathira nsembe, ndipo sayenera kulowa m'Baibulo. Koma dandauloli likadagweranso dzina lakuti Mulungu, limene makolo analidziwa amishoni asanafike. Yehova ndi Yahve ndi maina amene munthu wa kuno achula ngati a mlendo. Chauta ndi dzina limene agogo ace anaitana pa cilala. Ngati pali cotayika, ndi cakuti wowerenga angaiwale kuti ili linali dzina la pangano, loperekedwa kwa mtundu umodzi pa nthawi yace. Koma copindula ciposa cotayika.

Kamasuliridwe ka bukuli katsata tanthauzo m'malo motsata mau amodzi amodzi. Ziganizo nzazifupi, ndipo makalata a Paulo amveka ngati munthu akulankhula. Pa Mateyu mutu 16 lionetsa tanthauzo la dzina la Petro, osaonjeza ciphunzitso. Kwa munthu amene wangophunzira kuwerenga, ili ndilo buku loyambira. Komabe kumveka msanga kuli ndi mtengo wace. Pamene Cigriki cikhoza kumveka pawiri, womasulira tanthauzo akakamizidwa kusankha, ndipo wowerenga sadziwa kuti panali mphambano. Pamene akale anati cisomo kapena caulere, bukuli kawirikawiri linena za kukoma mtima kwa Mulungu. Mauwa ngomveka, koma saphatikiza mavesi ambiri pa cingwe cimodzi monga anacitira mau amodzi aja. Ncifukwa cace nkhalamba zambiri za C.C.A.P. zikakamirabe Buku Lopatulika, limene zinaloweza pa mtima, ndipo sizilakwa. Madzi saiwala khwawa.

Buku Loyera silinathetse magawano, ndipo silikanatha. Lisindikizidwa mitundu iwiri, wina wokhala ndi mabuku asanu ndi awiri aja, wina wopanda. Linagwirizanitsa mau, koma funso la mwini ulamuliro linatsala pamene linali. Cimene linacita ndi kucotsa mikangano yopanda pace, ya s ndi z, kuti itsale yeniyeni yokha.

Atumwi a masiku ano

Cigwa ca Mua sicirinso ca mipingo iwiri. Amuna amene anapita ku migodi ndi ku mafamu a kumwera anabwerako ndi mipingo yina. Apostolic Faith Mission inayamba ku Johannesburg mu 1908, ndipo Johane Marange anayamba mpingo wace wa atumwi mu 1932 m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. M'zaka zaposacedwa abuka atsogoleri ambiri odzichula atumwi ndi aneneri. Iwo sadalira mzere wa maepiskopi kapena bwalo la sinodi. Anena kuti Mzimu anawaitana maso ndi maso. Iyi ndi njira yacitatu ya ulamuliro, ndipo nayonso ipeza pogwira m'Buku, pakuti Paulo sanali mmodzi wa khumi ndi awiri aja, ndipo Barnaba achulidwanso mtumwi.

Koma Buku lomwelo licenjeza za atumwi onama pa 2 Akorinto mutu 11, ndipo pa Cibvumbulutso mutu 2 liyamikira mpingo wa ku Efeso cifukwa unayesa odzichula atumwi. Paulo mwini, ngakhale anaitanidwa yekha pa njira, anakwera ku Yerusalemu kukayala uthenga wace pamaso pa anzace. Pa Marko mutu 10 Yesu aletsa ophunzira ace kulamulirana monga acitira mafumu a dziko, nawauza kuti wamkulu akhale wotumikira. Muyeso umenewu ugwera onse mofanana: episkopi wa ku Bembeke, mbusa wa sinodi, ndi mtumwi wa pansi pa mlambe. Mau a Cinyanja akuti mtumwi apatsa ali yense mafunso atatu: wakutuma ndani, wakutuma ciani, ndipo ukabweza mau kwa yani?

Apa ndipo paonekera phindu la kudziwa kuwerenga. Kale munthu akauzidwa kuti Buku litero, analibe coyankha. Tsopano akhoza kupempha mutu ndi bvesi, nawerenga mutu wonse kuyambira pamwamba. Akhoza kubwereka buku la mnansi wace wa mpingo wina nayala awiriwo pa mphasa. Buku Loyera lidzamuuza nkhani momveka. Buku Lopatulika lidzamsonyeza m'mene mau oyamba anakhalira. Malembo Oyera, akawapeza kwa katekisti wokalamba, adzamuuza m'mene Eklezia wa Roma amvera mauwo. Pamene atatuwa abvomerezana, ndipo abvomerezana pa zambiri, angathe kuima cilili. Pamene asiyana, adziwe kuti wafika pa mphambano pamene anthu anzeru ndi oopa Mulungu akhala akusiyana kwa zaka mazana, ndipo asafulumire kuchula mlongo wace wotayika.

Pa Macitidwe mutu 17 pali nkhani ya anthu a ku Bereya, amene anamvera Paulo ndi mtima wonse, koma tsiku ndi tsiku anasanthula Malembo kuti aone ngati zinali zoona. Mlembi sanawayese acipongwe cifukwa copenda mau a mtumwi, anawayamikira. Wophunzira wa sukulu ya kwaca ku Golomoti, amene dzulo lomweli anali kudinda cala, ali ndi ufulu womwewo.